Theka la nyumba ya a Joan

A Joan ndi nesi, ndipo ku Sheffield, ku Ingalande, akhalako zaka khumi ndi zinayi. Ndi mayi wosadziwa kukhala pansi: akaweruka kuchipatala ali pa thiramu, sitima yoyenda mumsewu, kufika kunyumba ali pamoto, Lamulungu ali kutsogolo kwa kwaya. Zaka zonsezi iwo ndi amuna awo a Eston, amene amasamalira okalamba, ankangokhalira lendi, mpaka chaka chatha pamene anapeza kanyumba kanjerwa pamwamba pa chitunda. Kunotu nyumba sugula pongogwirana chanza. Pamafunika loya woti afufuze mapepala ndi kulembetsa eni ake atsopano, ndipo wawo anali a Hassan, bambo wofatsa wamagalasi.

Tsiku losaina, a Hassan anafunsa osaphethira n'komwe: "Mmodzi wa inu akamwalira, gawo lake lipite kwa wotsalayo, kapena kwa amene wamulemba mu wilo?"

Abale inu, kufunsa za maliro anthu ali moyo, atatchena chonchi! A Joan anaseka, poti yankho linali lodziwikiratu. Koma a Eston anafulumira kuyankha.

"Theka langa ndi la ana a mlongo wanga ku Dedza. Ndine mwini mbumba."

A Joan anatembenukira amuna awo. "Bambo a Mayankho, mwati chiyani? Mukadzatsogola, ana a ku Dedza adzanditulutse m'nyumba yanga? Nanga mwana wanuyu?"

"Mayankho ali ndi inu, alinso ndi amalume ake," anatero a Eston, maso ali pansi. "Kodi inuyo sukulu ya unesi anakulipirirani ndani?"

A Joan yankho ankalidziwa. Anali amalume awo, amene anagulitsa chigayo kuti iwo aphunzire, ana awoawo n'kulekezera fomu 2. Amalumewo atamwalira, abale anachotsa mkazi wawo, a Clara, panyumba ya malemuyo. Tsiku limenelo a Joan analipo, ndipo anakweza nawo katundu wa mayiyo pangolo osaona cholakwika chilichonse.

A Hassan Chichewa sankachimva, koma nkhope anaziwerenga. Anafotokoza kuti mu wilo ya a Eston angathe kulembamo zoti a Joan adzakhale m'nyumbamo mpaka imfa yawo, thekalo n'kudzapita ku Dedza pambuyo pake. A Joan anasaina. Koma mkwiyo sunathe ayi.

Atafika kunyumba, jekete asanavule, anaimbira abale atatu kufunafuna nambala ya a Clara, amene sanalankhule nawo kwa zaka makumi awiri. Foni inalira nthawi yaitali.

"Ndani?" anafunsa mawu a mayi wokalamba.

"Ndine Joan, mayi. Wa ku Ingalande."



"Joan uti? Uja ananyamula mtondo wanga?"