Abambo Apumula

Kwawo anali mzime, mwana wotumidwa ndi aliyense, koma kuno kachikwangwani kakuda ka pachifuwa pake kankamutcha Mkulu. Zaka makumi awiri, ndevu zitatu zochita kuwerenga, koma Mkulu. Mpingo wawo umatero ndi anyamata onse amene wawatuma kukalalikira kunja kwa zaka ziwiri, ndipo Mzime anali atatha chaka ndi miyezi iwiri m'dziko la eni, akulankhula chilankhulo chomupweteka nsagwada.

Moyo wake unkayendera wotchi. Hafu sikisi kudzuka, kupemphera, kuwerenga, kusita malaya oyera, kumanga tayi. Kenako masitepe. Nyumba za m'dera lawo zinali zosanjikana, makonde ake amdima, onunkha anyezi wokazinga ndi mkodzo wa amphaka. Ankayambira pamwamba kugogoda akutsika, kuti akawathamangitsa azithawira kumunsi. Zitseko zambiri sizinkatsegulidwa. Unkangoona kabowo kosuzumirira kada, kenako kawalanso, basi wadziwa kuti mwini wake wakuona ndipo sakukufuna. Nsapato zake zinali zitabooka, mkati anayalamo katoni.

Ankayenda ndi Wamtali, mnyamata wa dziko linanso, wamtima wabwino koma wotafuna ngati ng'ombe. Lamulo linali loti asasiyane: pamene pali wina, mnzake azimuona ndi kumumva. Kuchimbudzi kokha ndi kumene munthu ankakhala yekha.

Zonsezi Mzime ankapirira. Chimene chinkamudya mtima chinali chifuwa cha bambo ake, kalipentala amene anameza fumbi la matabwa moyo wake wonse. Kunali kutatsala miyezi khumi kuti abwerere, ndipo m'mawa uliwonse ankapempha chinthu chimodzi chokha: akawapeze.

Lolemba linali tsiku lochapa ndi lowerenga mauthenga a kumudzi. Kwa miyezi itatu mayi ake ankalemba zomwezomwezo, kuti abambo sakupumula, akagona chifuwa chimawadzutsa, amangokhala tsonga pampando. Ndiye Lolemba lina kunabwera uthenga wa achemwali ake, waufupi: "Mzime, abambo apumula tsopano. Sakutsokomolanso. Ndikuyimbira ndikapeza mpata."

Mwana wa sitandade wani akanamva tanthauzo lake. Koma khutu la munthu wanjala limamva nkhani ya chakudya yokha. Mzime analumpha pampando, nakumbatira Wamtali mpaka kumugwetsera zovala zonyowa pansi. Anayimba foni kawiri, sinayankhidwe, iye n'kunena kuti ndi netiweki. Anayankha polemba: "Mulungu alemekezeke. Ndasangalala kwambiri, izi n'zimene ndakhala ndikupempherera." Anatumiza, nakagula aisikirimu.

Lachiwiri anapita kwa mayi wa chitseko chobiriwira, mmodzi yekha m'dera lonselo amene ankawatsegulira. Mwamuna wake, yemwe kale ankayendetsa basi, anali chigonere m'chipinda, mapaipi a mpweya ali m'mphuno. Kunena zoona, mayiyo sankawafunira ulaliki. Ankafuna manja anayi omutembenuzira wodwalayo kuti asinthe nsalu zapabedi. Tsiku limenelo Mzime, nkhope ili ngwee, anamufotokozera m'chilankhulo chake chothyokathyoka kuti bambo ake nawonso anali ndi chifuwa, kuti iye anapemphera, ndipo tsopano achira. Mayiyo anasiya kupinda nsalu. Kwa nthawi yoyamba anakhala pansi n'kumvetsera.

Lachinayi masana foni inalira ali pakati pa masitepe. Anali a pulezidenti a mishoni, bambo wofatsa amene ankayang'anira anyamata onse.

"Mkulu, khalani pansi kaye. Achemwali anu andiyimbira, ali pa foni pomwe pano. Ndikulumikizani."

Anakhala pa sitepe yozizira. Mawu a achemwali ake anali osasa.

"Iwe Mzime, mutu wako ukuyenda?"

"Bwanji achemwali? Abambo adzuka bwanji?"

Anamva achemwali akewo akupuma movutikira.

"Ndiye kuti sunamvedi. Ine ndimati ndikuuze mwaulemu, ndisakugwetse. Abambo anatisiya Lamlungu, Mzime. Tawaika dzulo."

"Koma munalemba kuti apumula."

"Nanga ukanafuna ndilembe chiyani? Waiwala ndi kulankhula komwe?"

Mzime anayang'ana khoma. Panali nambala ya foni ya munthu wokonza mapaipi, yolembedwa ndi bolopeni, ndipo anaiwerenga katatu.

"Yankho langa lija," anatero, "amayi analiona?"

"Foni inali m'manja mwa amalume. Analiwerenga mokweza, anthu ali khamu pakhonde. Amati mwina ndi mawu otonthoza ochokera kwa mlaliki wathu."

"Amayi anati chiyani?"

"Sanayankhule. Mpaka pano dzina lako sanalitchule."

A pulezidenti anamuuza kuti akafuna kupita kwawo atha kupita, akafuna kukhala atha kukhala, palibe womuweruza. Iye anati aganiza. Manyazi ndi chisoni zinamugwira limodzi, osadziwa cholirira choyamba. Atafika kunyumba analowa m'chimbudzi, natsegula mpopi kuti madzi azisokosa. Wamtali anakhala pansi kuseri kwa chitseko, chifukwa lamulo silinkamulola kupita patali, ndipo ngakhale likanamulola sakanapita.

Lachisanu linali tsiku losintha nsalu kwa mayi wa chitseko chobiriwira. Wamtali anati amuimbire foni mayiyo, apepese kuti sabwera. Mzime anakana, nati wodwala sangagonere zonyowa chifukwa cha maliro a munthu wina. Anamanga tayi, nakwera masitepe.

Anapeza mayiyo atapesa tsitsi, atavala diresi yabwino, mipando iwiri ataiika pafupi ndi bedi. Mwamunayo anali ataonda kuposa Lachiwiri, mpweya ukulira m'khosi. Anamutembenuza, nayala nsalu youma. Dzanja la wodwalayo linali lopepuka ngati thabwa lofumbwa.

"Mwana wanga," anatero mayiyo, akugwira Mzime pamkono, "ine zaka makumi atatu sindinapempherepo. Koma kuyambira tsiku lija sindikuganiza china. Ndikufuna mwamuna wanga alandire chimene alandira bambo ako. Gwada apa. Unene pemphero lomwelija, usasinthe ngakhale liwu limodzi."

Wamtali anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma Mzime anapukusa mutu. Bodzalo, ngakhale silinali ladala, linatuluka m'kamwa mwake, ndiye kulibweza inali ntchito yake. Mawu oti imfa ankawadziwa bwino m'chilankhulo chimenecho, ankawaphunzitsa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi a kuuka kwa akufa. Lero anamulemera.

"Amayi," anatero, "ndinakuuzani zolakwika. Sindinamve bwino uthenga. Bambo anga anamwalira."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake linachoka pamkono paja pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa mwamuna wake, namukonzera paipi imene inali itasuntha pamphuno, nakhala m'mphepete mwa bedi atawafulatira.

"Chifuwa chawo chinasiya?" anafunsa.

"Chinasiya, amayi."

Mayiyo anagwedeza mutu, akusisita chipumi cha mwamuna wake.

"Gwada," anatero.