Monadi Yachitatu Yandikana

Lachinayi, sabata yotsekera sukulu

Ndinadzuka mtima uli myaa, ngakhale kutentha kwa kuno ku Mtakataka kunayamba kusanache bwino. Monadi ziwiri zomwe taphunzira ndinali nditaziloweza ngati katekisimu.

Aphunzitsi athu a kompyuta akusamuka Loweruka. Laputopu yakale yomwe timaphunzirira chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Haskell ndi yawo. Anati aisiya pasukulu pakapezeka mmodzi wotha kutsogolera gulu lathu, apo ayi apita nayo. Anzanga analoza ine.

Monadi ndi njira yolumikizira ntchito mu pulogalamu, kuti chotuluka apa chilowe mu ntchito yotsatira. Yoyamba ndi ya yankho lomwe lingapezeke kapena kusowa, ndipo likasowa zotsatira zonse zimaima. Yachiwiri ndi ya mayankho ambirimbiri. Aphunzitsi anationetsa kuti zonse zimalowa mu taipu kalasi imodzi, kutanthauza lamulo limodzi lomwe mtundu uliwonse umalikwaniritsa mwa njira yake. Ine ndinakopera pabolodi monga timachitira manotsi a Bayoloje, osasiya ngakhale kadontho.

Masana aphunzitsi anandiika pa laputopu n'kundiuza kuti ndilembe yachitatu: ntchito ikalephera, izinyamula chifukwa chake mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi, imeneyi simunatipatse manotsi ake."

"N'chifukwa chake ndakupatsa. Lamulo ndi lomwelija."

Ndinalemba yoyamba ija kuchokera m'mutu, n'kungosintha mayina. Kompyuta inalavula mizere yofiira yosonyeza zolakwika. Ndinasinthanso dzina lina, inalavulanso. Pamalo poti ndinyamule chifukwa cholepherera ndinali nditalemba kuti palibe kanthu, poti pabolodi panali choncho. Zimenezi aphunzitsi anachita kundilozera ndi chala.

"Atsogoleri, ndiye tizikalemba Haskell pamchenga?" anatero mnzanga wokhala naye desiki. Ena anaseka, koma osati kwambiri.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo batire linatha ndisanakonze. Aphunzitsi anatseka laputopu osakalipa. Anangoti, "Mawa ndikulongedza katundu."

Pobwerera ndinayesa kunena lamulo lija m'mawu anga. Njira yonse ndinkangotulutsa mawu a pabolodi. Mayi anandifunsa ngati ndikudwala malungo, ndinati ayi. Ndikanawafotokozera bwanji? Kwathu kuno palibe wina amene ndingamufunse za monadi, ndipo foni ya achimwene ndi ya mabatani.

Mawa ndilawirira kunyumba kwa aphunzitsi belu lisanalire. Ndikawapempha kuti andipatse mtundu wina wa monadi womwe sindinauonepo, ndiyesenso. Mwina ndikapeza laputopuyo ili kale m'katoni. Ndipitabe.