Filiji yakufa yatilemeretsa lero

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kwa abambo ku Zingwangwa kunabwera atsikana awiri a kafukufuku. Akuti akuyeza mmene anthu akukhalira, ndipo makomo ovutikitsitsa adzawaganizira pa thandizo la okalamba. Ine ndinali pomwepo, ndikuchapa.

Abambo atangomva kuti kwabwera alendo, anathamangira jekete. Atafunsidwa kuti nyama amadya kangati, akuti, "Imeneyo timachita kutopa nayo." Anthu oti sabata yonse ndiwo ndi bonya!

Kenako mtsikana mmodzi anasuzumira pabalaza n'kuona filiji ija. Mukuikumbukira, ija anagula ku Limbe matipate atangoyamba, inangogwira Khirisimasi imodzi n'kufa. Panopa amasungamo nsapato. Iye osaitsegula n'komwe, anangochonga pafoni kuti filiji ilipo.

Ndinati, "Asisi, tatsegulani muone."

Akuti, "Amayi, funso likungoti ilipo kapena palibe."

Abambo anandiponyera diso loti ndisawachititse manyazi, ndiye ndinangobwerera kukachapa.

Pochoka anawauza kuti khomo lino lili m'gulu la ochita bwino. Abambo anasangalala mpaka kuwaperekeza kumsewu. Pamene aneba athu a maminibasi aja anabisa TV kuchipinda, n'kuyankha mafunso atakhala pamkeka, nkhope ili yachisoni ngati pamaliro. Kuyeza kwake kumeneko?

Achimwene a Dalitso, mwati titani? Ndiwalondole atsikanawo akakonze zimene alembazi, kapena tiwasiye abambo ndi ulemerero wawowu? Yankhani msanga, chifukwa olemerawo andituma kuti ndikapemphe mchere kwa aneba.