Kontesa wa Achimwene Vicko

Achimwene anga a Vicko ndi munthu woti ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, amayamba atuluka kuti akanyowe okha. Anagwira ntchito ya injini pa sitima yoyenda pakati pa chilumba chathu cha Šolta ndi mzinda wa Split mpaka kupuma, ndipo mpaka lero palibe wowauza kanthu.

Pachilumba pano anthu nsomba timaotcha. Iwo amaziweta, zamawangamawanga zochokera kunyanja zotentha, m'thanki yagalasi pabalaza. Anayambitsa ndi malemu akazi awo, alamu anga a Mande, amene anagula kansomba kachikasu n'kukatcha Kontesa, kutanthauza dona wachifumu, chifukwa cha matama ake. A Mande atatisiya, Kontesa ndiye anasanduka mayi wapanyumba. M'mawa amalandira moni ine mlongo wawo ndisanalandire.

Chilimwe chathachi anagula nsomba zatsopano ku Split, osadziwa kuti agula ndi matenda omwe. Zonse, zakale ndi zatsopano, zinatuluka timawanga toyera ngati wina waziwaza mchere. A Vicko anazisamutsira m'thanki yaing'ono m'chipinda chapansi momwe timasungamo vinyo, n'kuyamba kuthira mankhwala a kopa, ndiye kuti mkuwa, amene akachuluka amapha nsomba. Ankawerenga madontho mosamala monga botolo likunenera. Timawanga tija tinayamba kutha, koma nsomba zinayamba kufa, lero iyi, mkuja iyo, zooneka kuti zikuchira bwinobwino.

Eee, tinaona zakuda! Woyamba kulakwa anali wam'sitolo amene anawagulitsa nsombazo. Kenako a magetsi. Kenako ine.

"Iwe Perina, ndi fodya wakoyo."

"Fodya wanga amasambira, achimwene?"

"Ndiye ndi mafuta onunkhira ukudzolawo."

"Ndinasiya kudzola chaka chomwe munasiya kumva za anthu."

Wam'sitolo uja anawapatsa kabotolo koyezera kuchuluka kwa kopa m'madzi ndi kapepala kake ka mitundu. Anangoziponya m'dirowa. Akuti munthu amene ankamva matenda a injini ndi khutu lokha sangaphunzitsidwe kuwerenga madontho.

Nsomba ikafa, nzeru yawo inali imodzi, kusintha madzi. Ankatsikira kugombe, kutunga, kukwera chitunda ali wefuwefu, kuthira, kenako n'kuwonjezera madontho a kopa. Akalimbikira kwambiri, m'pamene zinkafa kwambiri. Anaonda, anasiya kupita kokasewera makadi, mpaka m'thankimo munatsala Kontesa yekha, atatsamira pakona, akupuma mothamanga.

Tsiku limenelo ndinawapititsira msuzi masana, n'kuwapeza akukwera ndi ndowa ya madzi. Nditayang'ana ndowayo, ndinaizindikira nthawi yomweyo. Inali ndowa ya malemu bambo, imene banja lathu lakhala likusungunuliramo mankhwala abuluu opopera mpesa chaka ndi chaka. Kwathu kuno ndowa sataya. Yomweyo imanyamula maolivi, simenti, nsomba, chilichonse.

"Achimwene, kodi mankhwala a mpesa aja si kopa?"

"Ndinaitsuka."

"Munaitsuka! Bambo ankaitsuka, inu mukuitsuka, inayerapo liti?"

Anaiika pansi, n'kukanda m'kati ndi chala. Chikhadabo chinatuluka chabuluu. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo zikanakhala bwino atatero. Koma anangolowa m'nyumba, kutsegula dirowa, kutenga kabotolo koyezera kaja. Atawayeza, madzi a Kontesa anasintha mtundu mpaka kupitirira wotsiriza wa pakapepala.

Tinathamanga ngati amisala, nkhalamba ziwiri, kutunga madzi ndi mapoto anga ophikira. Ine ndinali kutukwana njira yonse. M'madzi atsopanowo Kontesa anasambira pang'ono, a Vicko n'kumwetulira.

"Waona? Ndi wamakani ngati mwini wake Mande."

Msuzi uja usanazizire n'komwe, Kontesa anali atagona chammbali.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kabotolo kaja kanali m'dirowa nthawi yonseyi, pansi pa masupuni. Ndimati ndikakumbukira, ndimafuna kuwagwedeza mpaka mano atagwa. Koma ungamugwedeze bwanji munthu amene pampu ya thanki yopanda kanthu saizimitsa, chifukwa akuti m'nyumba mumakhala zii?

Kontesa anamukwirira pansi pa mpesa. Atamaliza ndinanyamula ndowa ija kuti ndikaitaye, iwo n'kundigwira mkono.

"Ndowa ya bambo ukupita nayo kuti?"

"Yapha nsomba zanu, achimwene!"

Anandilanda, n'kuikoleka pamsomali pake pa masiku onse.

"Ndowa ilibe mlandu, iwe. Ndine ndinkamutungira."