Thonje M'makutu mwa a Sipoko

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, ndi okonza njinga. Anthu amawatchula kuti a Sipoko chifukwa cha kuonda ngati sipoko ya tayala la njinga, ndipo anazolowera moti dzina lawo lenileni amaliyankha mochedwa. Ndawadziwa zaka makumi anayi. Sindikunena kuti ndi munthu wanzeru. Ndikunena kuti amadziwa njinga, basi.

Amagwirira ntchito m'kashedi ka malata kuseri kwa depoti ya mabasi. M'menemo muli matayala akale opachikidwa pamisomali, beseni la madzi akuda lofufuzira pamene chubu chabooka, ndi mpando wa miyendo itatu wochirikizidwa ndi njerwa. Anaphunzira ntchitoyi kwa amalume awo, analera nayo ana asanu, ndipo sanafunepo ina.

Koma ali ndi matenda. Akamva njinga ikulira, kaya ndi tcheni chouma, kaya buleki yokhula tayala, mtima wawo saugwira. Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi anatuluka m'tchalitchi ali m'suti, kuthamangira wogulitsa mkaka amene ankadutsa pamsewu. Pa zithunzi za ukwatiwo manja awo abisa kumbuyo, chifukwa anali bii ndi girisi.

Kuchokera m'tauni mwathu, msewu umakwera makilomita asanu ndi anayi kukafika pampata wa mapiri awiri, pamene dziko lathu limathera. Pamenepo pali mzere woyera wodula msewu, chitsulo chotchinga magalimoto, ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi. Pakhoma la kanyumbako anakhomapo thabwa lalikulu la gulu la opalasa njinga. Kamodzi pachaka gululi limakwera phirilo, ndipo amene wafika pamzere phazi lake lisanagunde pansi amalembedwa dzina pathabwapo. Pamafunika mboni. Pamafunikanso kuti mwini dzina aime pompo pamene wolemba zikwangwani akulemba. Wolembayo amatsika ndi basi ya folo koloko, ndipo sadikira munthu.

A Sipoko anayesa maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Mboni yawo ndinali ine maulendo onsewo, chifukwa gulu limadziwa kuti sindinama. Ena mboni zawo zimakwera njinga yamoto. Ine ndimayenda pansi, ndipo penapake ndimachita kuwadikira. Mphamvu sizinawatherepo ngakhale kamodzi. Chaka chilichonse ankapeza munthu panjira atagwira tcheni choduka, kapena mnzawo ankawapitirira pedulo ikulira, iwo n'kutsika, sipanala ili kale m'manja. Mayina ambiri pathabwa paja ndi a anthu amene anafika pamwamba chifukwa a Sipoko anawagwadira m'fumbi.

Chaka chatha adokotala atawayeza mawondo anawauza kuti akwere kamodzi kokha komaliza, kenako asiye. Anabwera kwathu atavula chipewa.

"Alamu, ndikalephera pano ndiye kuti basi. Ndithandizeni maganizo."

"Osatsika," ndinatero.

"Zimenezo ndikuzidziwa. Koma makutuwa."

Mlongo wanga ndiye anapeza nzeru. Mmawa wa tsikulo anawatseka makutu onse awiri ndi thonje, n'kuwamanga kansalu pamwamba pake. Anawalandanso magalasi, kuti asaone njinga yowonongeka m'mbali mwa msewu. Popanda magalasi alamu anga amaona tayala lakutsogolo ndi msewu pang'ono. Tinagwirizana kuti akafika pamzere, ine ndifuula kuti aime. Tinalipo anthu atatu akuluakulu pokambirana zimenezi, ndipo palibe amene anaona vuto lake.

Mlongo wanga anatsogola pabasi. Ife tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Anapalasa bwino, mutu pansi, thukuta likudontha pamahandulo. Tinadutsa mphunzitsi wina atakhala pamwala, tayala lake litapindika. Atationa anaimirira mosangalala, akukweza dzanja. A Sipoko anamudutsa ngati chitsa. Mphunzitsiyo anandifunsa ngati bambowo adwala. Ndinati ayi, achira.

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Chitsulo chinali chokweza chifukwa lole ya matabwa inali itangodutsa. Tayala lakutsogolo linagunda mzere, lakumbuyo linagundanso. Ndinafuula kuti aime. Mlongo wanga anafuula. Msilikali wa pachipata anaimba wenzulo. A Sipoko anapitiriza kupalasa, pang'onopang'ono, mutu pansi, kulowa m'dziko la eni.

"Achimwene, agwireni!" anatero mlongo wanga.

"Ndilibe chiphaso."

"Ali pompo apo, masitepe asanu okha."

"Masitepe asanu a dziko lina."

Ndinaima pamzere. Ena amati ndinalakwa. Ine sindinawolokepo malire popanda pepala, ndipo sindikanayamba tsiku limenelo. Kutsidyako msewu umayamba kutsetsereka, ndiye njinga inathamanga yokha. Alamu anga anazindikira kuti mapedulo apepuka, n'kugwira mabuleki, n'kuponda pansi pakhomo penipeni pa ofesi ya asilikali a dziko linalo. Tinawaona akukweza manja kusangalala. Asilikali awiri anawagwira manja omwewo n'kulowa nawo.

Patapita ola, mkulu wa asilikaliwo anabwera pamzere, wamimba, atanyamula kabuku. Anafunsa amene akumudziwa mkaidiyo. Wapampando wa gulu anandinong'oneza kuti ndinene kuti ndi munthu wosamva, nkhani ithere pomwepo.

"Bambo uja ndi wogontha?" anafunsa mkuluyo.

"Ayi. Amamva kuposa tonse tili pano."

Mlongo wanga anandiponda chala.

"Nanga thonje lija?"

"Anaika dala."

"Kuti chiyani?"

"Kuti asamve."

Mkuluyo analemba. "Ndiye kuti anakonzekera kunyumba kuti asadzatimve."

"Osati inu. Njinga."

"Njinga imalankhula?"

"Kwa iwo, inde."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati inenso ndimamwa mankhwala. Ndinati a shuga okha. Anatseka kabuku n'kubwerera.

Mlongo wanga anachoka pamzere. Anakhala pabenchi la kanyumba ka tiyi atandifulatira. Wolemba zikwangwani analemba mayina asanu ndi awiri a amene anafika bwino, n'kuyamba kutsuka maburashi. Ndinamuuza kuti phazi la a Sipoko silinagunde pansi m'dziko muno. Anati akukhulupirira, koma salemba munthu amene sakumuona, ndipo basi ikabwera akwera.

Kutatsala mphindi makumi awiri kuti folo koloko ikwane, chitseko cha ofesi ija chinatseguka. A Sipoko anatuluka akukankha njinga yawo, kansalu kali m'thumba, makutu ali pululu. Ndinamva pambuyo pake kuti asilikaliwo anatopa nawo, chifukwa funso lililonse ankaliyankha ndi nkhani ya matcheni. Anayamba kukwera kubwera kwa ife. Basi inali itaima kale, injini ikulira.

Nthawi yomweyo msilikali wina wa kutsidya anatulukira kuseri kwa ofesi atakwera njinga ya boma. Inkalira ngati mwana wa mbuzi. Ngakhale ine ndinaimva. A Sipoko anaima. Anatembenuka. Anagoneka njinga yawo pansi, dzanja likupita m'thumba lakumbuyo.

Mlongo wanga ananyamuka pabenchi, n'kukaima pamzere pafupi ndi ine, manja m'chiuno.

"Bambo a ana, mukangotulutsa sipanala imeneyo, mukwatire komweko."

Sanakweze mawu kwambiri, koma mayiko onse awiri anamva. Alamu anga anayang'ana njinga ya msilikali, anayang'ana kumene kunachokera mawu, n'kutola njinga yawo. Anabwera akuyenda chammbali ngati nkhanu, khosi litapotokera kumbuyo. Mlongo wanga anawagwira lamba, kuwaimika pansi pa thabwa, n'kuwaveka magalasi. Wolemba anatsegulanso chitini cha penti akung'ung'udza. Anandifunsa ngati phazi linagunda pansi, ndinati ayi. Anandifunsa ngati wina anawakankha, ndinati ayi. Analemba. Kondakitala anachita kumukokera m'basi penti isanaume.

A Sipoko anawerenga dzina lawo kawiri. Kenako anapita pawindo la asilikali a kwathu n'kupempha pepala lowolokera la ola limodzi. Pofunsidwa chimene akukachita kutsidya, anati buleki yakumbuyo. Msilikali anadinda. Ine ndi mlongo wanga tinakhala pabenchi kuwadikira, basi itapita, ndipo kutsika kwake tinatsika wapansi tonse atatu.