Waya wopita kumsewu

Amuna anga anasiya kuona ali ndi zaka zisanu, chikuku chitalowa pakomboni ya pulazi imene tonse tinabadwira, kufupi ndi Glendale. Makolo athu anachokera ku Malawi kudzalima fodya wa mzungu, ndipo ife kumudzi timangokumva m'nkhani. Ine ndinakulira m'shedi yosankhira fodya. Iwo anakulira pagitala, yoyamba inali ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za mabuleki a njinga.

Nyimbo zawo zinali za kantiri, zija za oweta ng'ombe a ku Amereka, zimene anazitola pawailesi ya kapitawo. Chizungu chake ankachitafuna bwinobwino osadziwa n'komwe kuti akunena chiyani. Kenaka anachitaya n'kuikamo mawu a Mulungu, Chichewa ndi Chishona mosakaniza monga timayankhulira kuno. Loweruka ankaimba pokwerera makombi, maminibasi a kuno, ku Glendale, Lamulungu kutchalitchi, ndipo maliro akagwa papulazi ina ankawatumizira thirakitala. Ine anandikola ndi mawu aja othyolera m'mwamba, osati nkhope, pakuti nkhope yawo ndi yawamba ndipo ndinawauza kale.

Atabwera kudzandifunsira, bambo anga anakana.

"Mwana wanga sindinamulere kuti akhale ndodo ya munthu," anatero.

Ankhoswe asanatsegule pakamwa, mwiniwake anayankha. "Baba, ndodo ndili nayo kale, iyi. Chimene ndikufuna ndi mkazi. Tsiku limene mwana wanu adzandikoka padzanja panjira, mudzabwere mudzamutenge."

Mawu amenewo anawasunga zaka makumi awiri, ndipo chimene chinawathandiza ndi mpanda. Kuchokera kuseri kwa komboni, mpanda wa waya unkadutsa pamabalani a fodya, pa dibi ya ng'ombe, m'mbali mwa damu, mpaka kumsewu wa tala. Ankanyamuka okha, gitala kumsana, ndodo ikugunda waya. Kumsewu madalaivala ankawadziwa. Madzulo ankabwera ndi buledi, nthawi zina ndi nkhani zabodza za anthu amene anawaombera m'manja. Ine za ulendo wawo sindinkaziganizira n'komwe.

Kenaka pulazi inagawidwa. Mzungu anapita, kunabwera anthu atsopano, aliyense ndi chigawo chake. Ife a pakomboni sitinathamangitsidwe, tinatsala tikugwira maganyu m'minda yawo. Koma mpanda sunaone dzinja lachiwiri. Waya wina unapita kumakola, wina kumisampha ya akalulu, mizati inathera pamoto.

Loweruka lina amuna anga ananyamuka monga mwa masiku onse, akuti njira ili m'mapazi. Masana mayi wina wa ku Tete, mnansi wathu, anawapeza m'bango la kudamu, matope m'maondo, gitala ataikweza pamutu kuti isanyowe. Anabwera nawo atawagwira pamkono. Iwo anasamba, napachika gitala pamsomali.

"Loweruka likubwerali ndikuperekezani ine," ndinatero.

"Ayi, mai mwana. Ndinalonjeza."

"Munalonjeza ndani? Bambo anagona kumanda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Adzanditenga ndi ndani?"

"N'chifukwa chake. Akanakhala moyo ndikanapita kukawapempha kuti andimasule."

Ndinapsa mtima, ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Sizinathandize. Miyezi itatu gitala inali pamsomali. Kutchalitchi, kumene kunali pafupi, ankapita koma ankangong'ung'udza ndi gulu. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, akutha ngati sopo. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Ndinaona kuti munthuyu akapanda kuyenda yekha saimbanso, ndipo akapanda kuimba ndimuika m'manda chaka chisanathe.

Ndiye ndinapanga nzeru zanga. M'mabalani akale munali zingwe zomangira fodya zambirimbiri. Ndinazitola, ndinazilumikiza mfundo ndi mfundo, ndinasema zikhomo. Masiku awiri ndisanapite kuganyu ndinakhoma zikhomo kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kumsewu, n'kukoka chingwe. Iwo sindinawauze, ndinkafuna ndimalize kaye. Tsiku lachitatu ndinapeza chingwe chadulidwa, zikhomo zazulidwa n'kuunjikidwa bwinobwino pambali. Ndinakhomanso. Anazulanso.

Tsiku lachisanu ndinakhala pachulu kudikira wozulayo, mawu nditawanola kale. Anabwera bambo wina wa imvi, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Wedza, amene analandira chigawo cha kufupi ndi damu. Anandifunsa m'Chishona, mwaulemu koma nkhope itauma, kuti malowa wandipatsa ndani.

Apo m'pamene ndinazindikira kupusa kwanga. Masiku amenewo chingwe ndi zikhomo pamunda zinkatanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti wina akudula malo. Anthu ankamenyana ndi makasu chifukwa cha chikhomo chimodzi. Ndipo ine, mwana wa Mmalawi wopanda ngakhale pepala la munda, ndinadutsitsa chingwe m'minda ya anthu asanu. Koma pakamwa panga sipadziwa mantha.

"Baba, munaonapo munda wopanda m'lifupi? Pachingwe ndilimapo chiyani, nsabwe?"

Sanaseke. Ndiye ndinawafotokozera zonse, za mpanda, za damu, za gitala ya pamsomali. Kenaka anafunsa:

"Vaya vanoimba parenki? Aja oimba pamakombi aja?"

"Omwewo."

"Ndimadabwa kuti anapita kuti. Akazi anga amaimba nyimbo yawo ina akamachapa, koma amangodziwa theka."

Madzulo a tsiku lomwelo aphunzitsiwo anabwera kwathu, ndipo chinsinsi changa chinaululika pamaso pa mlendo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Koma amuna anga anapempha kachidutswa ka chingwecho, anakakoka ndi manja awiri, n'kukakhwatsa ndi chala pafupi ndi khutu. Kenaka anaseka, kuseka koyamba m'miyezi itatu.

"Mai mwana, chingwe sichiyankhula. Mumayesa waya ndinkaugwira ngati mwana wogwira chitenje cha amake? Ndinkaumvera. Pamabalani unkalira mokweza chifukwa unali wokoka. Pa dibi unali wolobodoka, ng'ombe zinkautsamira. Ukayamba kulira ngati wachimfine, ndiye kuti damu lili kumanzere. Chingwe chanuchi chikanandifikitsa kumsewu ndisakudziwa pamene ndili, ngati mbuzi yopita kumsika."

Zaka makumi awiri ndikugona nawo mphasa imodzi, osadziwa zimenezi. Manyazi anandigwira, koma ndinakondwa kumva kusekako.

Aphunzitsi aja anali atayang'ana pansi. "Waya wa kudamu uja," anatero pang'onopang'ono, "uli pakhola langa. Ndini ndakatora. Ndinatenga ndine."

"Ng'ombe zanu nazonso zimafuna mpanda," anayankha amuna anga.

"Khola lili ndi mizere inayi. Lingakhale ndi itatu. Mzere umodzi ungakukwanireni?"

"Umodzi, bola wokoka bwino."

Sizinatheke tsiku limodzi. Aphunzitsiwo anayenda khomo ndi khomo kwa eni minda anzawo. Awiri anakana poyamba, mpaka anagwirizana kuti waya udutse m'malire, pamene sipalimidwa. Njira inatalikirapo, inakhotakhota. Waya nawo unali wa mitundumitundu, wina wa dzimbiri, wina wochokera kumisampha. Tsiku lokoka, amuna anga anaima pamzati uliwonse akugunda ndi ndodo, akulamula amuna anayi ngati kapitawo. "Kokani pang'ono. Mwapyola, bwezani. Basi, pamenepo." Ankauchuna ngati gitala, mpata uliwonse ndi mawu akeake, ndipo aphunzitsi anatuluka matuza m'manja.

Loweruka lotsatira anatsitsa gitala, anaipukuta, ananyamuka. Ine ndinavula nsapato n'kuwatsatira chapatali mwakachetechete. Tisanafike ngakhale pamabalani anaima.

"Mai mwana, bwererani. Mukupuma ngati mvukuto."

Ndinabwerera ndikung'ung'udza. Kuseri kwa nyumba, pamzati woyamba, ndinaika dzanja pawaya. Ndinamva kugunda kwa ndodo m'chikhatho, kukucheperachepera mpaka kutha. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito yooneka. Ndinachapa zovala zochapa kale. Ndinakalipira nkhuku. Maso anga ankangopita kudamu.

Dzuwa litapendeka ndinakaimanso pamzati paja, dzanja pawaya. Panalibe kanthu. Ndinayamba kuwerenga anthu oti ndikawaitane tikafufuze m'bango. Ndiye m'chikhatho munabwera kakunjenjemera kakang'ono, ngati nyerere ikuyenda. Kanasiya, kanabweranso, kakukulirakulira. Kenaka ndinamva mawu aja othyolera m'mwamba akuchokera kuseri kwa mabalani, akuimba za Yordano m'Chichewa chosakaniza. Mtima unakhala pansi. Ndinalira ndili chiimire, ine amene sindinalire pa ukwati wanga.

Lero tsitsi lawo layera. Anyamata ena a ku Ruwa anawajambula nyimbo, ndipo zimamveka m'mafoni a anthu m'makombi. Akazi a aphunzitsi anaphunzira theka lotsala lija. Waya ulipobe, ndipo ukaduka eni minda amalumikiza okha. Koma chimene ndimakumbukira ndi mmene anafikira tsiku lija, buledi m'khwapa. Ndinali nditapukuta kale misozi n'kuthawira pakhonde, ndikunamizira kusankha nyemba.

"Ulendo unali bwanji?" ndinafunsa ngati sindikusamala.

"Wabwino. Koma mpata womaliza uwu, wa kuseri kwa nyumba, sukulira bwino. Pali wina amaugwira."

"Mwina mbalame."

"Mbalame ya dzanja lolemera," anatero, akundipatsa buledi. "Muiuze kuti ikhoza kumagwira. Bambo ake sananene za waya."