Anamata Kachirombo Kali M'kati

Lolemba anandimata dzino. Lachiwiri, ndi dzuwa la Karonga lino, ndinatunga madzi mumtsuko ndi kumwa mwaphuma. Ululu unachoka m'dzinomo kukafika m'khutu, kapu n'kugwa pansi. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, ati mphunzitsi wamkulu akulira ndi madzi.

Lachinayi ndinabwerera kuchipatala. Nditaonetsa khadi lachipani pachipata, ndinakakhala pabenchi pafupi ndi bambo wina wachikulire, a Mwakalinga, mlimi wa mpunga wa ku Kaporo. Iwonso anawamata Lolemba lomwelo, ndipo anapalasa njinga mtunda wonsewo dzanja limodzi lili patsaya.

“Ine nabwera kuti achotse,” anandiuza m'Chichewa chawo chotsamira ku Chinkhonde. “Mano ya kutafunira yanamala, latsala lomweli. Koma achotse basi.”

Ndinawafunsa chifukwa.

“Asambizgi,” anatero, kutanthauza aphunzitsi, “nkhokwe simumata khoswe ali m'kati. Iwo amata kachirombo kali moyo. Nikamwa madzi kakuluma, chifukwa kasowa khomo.”

Musaseke, owerenga. Ndani wa ife sanakule akumva kuti m'dzino lobooka mumakhala kachirombo? Bambowa anamva mawu amodzi okha, oti tamata, ndipo zotsalazo anadzimalizira okha. Kunena zoona, ndi mmene dzino langa linkabayira, sindinathe kuwatsutsa.

Oyamba kulowa anali a Mwakalinga. Potuluka anali ataluma thonje, dzino lili m'kapepala.

Nditalowa ine, ndinafunsa mopanda manyazi. Dokotala wa manoyo, mnyamata wa kuchigawo chapakati wooneka wotopa, anandiyankha bwinobwino. Ati dzino likabooledwa ndi kumatidwa limayamba ladandaula kaye, limamva kuzizira ndi kutentha kwa masiku angapo, mwina milungu, kenako limakhala chete. Anandilumitsa kapepala, napeza kuti chomatacho chinakwera pang'ono, nachipala. Anati ndibwerere ngati nkhama zitatupa, kapena ululu ukamabwera wokha osachoka. Zonsezi sizinatenge nthawi yophikira tiyi.

“Nanga bambo aja munawauza zimenezi?” ndinafunsa.

“Ndinawauza Lolemba, ndawauzanso lero,” anatero. “Amangoti inde bwana, kenako n'kuloza dzino kuti chotsani. Chinkhonde sindichidziwa, ndipo panja pali anthu mwawaona.”

Sindimuda mnyamatayo. Anamutumiza kudera limene chilankhulo chake sanachiphunzire, ndipo mzere sumudikira. A Mwakalinga nawo sindiwada. Tinaleredwa kuti munthu wa boma akayankhula umavomera, sufunsa kawiri. Timati inde bwana ku ofesi, inde bwana kusukulu, inde bwana pamene sitinamve n'kamodzi komwe. Ine ndemwe m'kalasi ndimafunsa kuti mwamva, ana n'kuyankha pamodzi kuti inde, ndipo ndimakondwa ngati ndagwira ntchito.

Kodi pabenchi paja panalibe munthu mmodzi wodziwa zilankhulo zonse ziwiri? Analipo ambiri. Palibe amene anaitanidwa, palibenso amene anadzipereka. Ine ndinasunga dzino langa osati chifukwa chochenjera, koma chifukwa amene ananyamula zitsulo amayankhula ngati amayi anga. Zimenezi zandiwawa sabata yonse kuposa dzinolo.

Potuluka ndinawapeza a Mwakalinga pansi pa mtengo wa mango pamene anaimika njinga. Anali ataika dzino lija pamwala, akuliphwanya ndi mwala wina kuti akaone kachirombo kamene kanawasowetsa mtendere. Linasweka pakati. Anatembenuza zidutswazo ndi kamtengo, chimodzichimodzi, nazisendeza pafupi ndi maso.

Munalibe kanthu. Linali dzino loyera, lolimba, lomatidwa bwino.

Anandiyang'ana, natulutsa thonje m'kamwa kuti ayankhule.

“Asambizgi,” anatero, “sono chimanga chokazinga nizitafunira chani?”